Kuyesa galimoto yaliwiro musanagule: mmene ogulitsa atatu anandilandirira

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikufunafuna galimoto yaliwiro ya mipando iwiri, ya mtundu umene munthu amausungira ndalama zaka zambiri asanalimbe mtima kulowa m'sitolo n'kufunsa mtengo. Pa nthawiyi ndinafika kwa ogulitsa atatu osiyana, ndipo ndemanga ino ikukhudza ntchito imodzi yokha mwa zambiri zimene amagwira, yomwe ndi mmene amachitira kasitomala akapempha kuyendetsa galimoto pamsewu asanasaine pepala lililonse. Masitolowa sindiwatchula mayina, ngakhalenso mitundu ya magalimoto imene amagulitsa, chifukwa zabwino ndi zoipa zimene ndinakumana nazo zinachokera kwa anthu amene ndinawapeza tsikulo ndi malamulo a sitolo iliyonse.

Munthu amene sanakhalepo m'galimoto ya mtundu uwu angaganize kuti onse ndi amodzimodzi, otsika, aphokoso ndi othamanga, koma kusiyana kwake n'kwakukulu ndipo kumayambira pamalo amene injini inaikidwa. Porsche 911, imene inaonetsedwa koyamba ku Frankfurt m'chaka cha 1963, ili ndi injini ya masilinda 6 kumbuyo kwenikweni, kupitirira matayala akumbuyo, motero kutsogolo kwake kumamveka kopepuka m'manja ndipo imakankha mwamphamvu potuluka pokhota. Chevrolet Corvette inakhala ndi injini kutsogolo kuyambira 1953 mpaka mtundu wa C8 wa 2020, pamene injini yake ya V8 ya malita 6.2 inasamutsidwira kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, ndipo zimenezi zinachititsa kuti woyendetsa azikhala pafupi kwambiri ndi matayala akutsogolo. Mercedes-AMG GT ili ndi boneti yaitali moti umakhala ngati ukuwongolera uli kumchira. Lotus Emira inasunga chiwongolero chothandizidwa ndi oyilo pamene 911 inasamukira ku chamagetsi mu 2011. Zonsezi zinalembedwa m'timabuku totsatsa malonda, koma palibe kabuku kamene kangauze msana wanu, manja anu ndi makutu anu ngati mungapirire nayo galimotoyo kwa maola atatu. N'chifukwa chake ndimaona kuti kuyesa galimoto ndi gawo la malonda enieniwo, ndipo wogulitsa amene amakuona ngati chifundo chimene akuchitira kasitomala sanamvetse ntchito yake.

Sitolo yoyamba inali yokongola koposa zonse, pansi powala ngati madzi, magalimoto ataikidwa motalikirana pansi pa nyale zoyera. Ndinaimirira kanthawi ndithu popanda wondiyandikira, ndipo bambo amene anabwera pomaliza anayamba wayang'ana nsapato zanga ndi kiyi amene ndinali naye m'manja asanandipatse moni. Nditanena mtundu umene ndinkaufuna n'kupempha tsiku loti ndiuyese, anandiyankha kuti, "Bwana, magalimoto awa sitiyesetsa. Amene amawagula amawadziwa kale." Nditaumirira anasinthako pang'ono, nati nkhani yoyesa ingakambidwe ndikapereka dipoziti ndi kalata yochokera kubanki, koma sanafotokoze ngati dipozitiyo ingabwezedwe galimotoyo itapanda kundisangalatsa. Anandilola kukhala pampando injini ili yozima, iye atagwira chitseko ngati akuopa kuti ndichithothola. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndinatuluka m'sitolomo ndikudziwa mtundu wa ulusi umene anasokera chikopa cha mipando, koma osadziwa kanthu za kayendedwe ka galimotoyo.

Kunena chilungamo, wogulitsa amene amakayika kupereka kiyi ali ndi zifukwa zomveka, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti bamboyo sananene ngakhale chimodzi. Ogula magalimoto odula amayang'ana kwambiri nambala ya makilomita pa dashibodi, moti galimoto yatsopano imene yayesedwa ndi anthu khumi imavuta kuigulitsa ngati yatsopano. Komanso injini yatsopano imafuna kuyendetsedwa modekha poyamba kuti zitsulo zake zizolowerane. Chevrolet imalangiza kuti injini ya Corvette C8 isazungulire kupitirira ka 4,000 pa mphindi m'mamailosi 500 oyambirira, omwe ndi makilomita pafupifupi 800, ndipo galimotoyo imatsitsa yokha mzere wofiira wa pa dashibodi wosonyeza malire a kuzungulira kwa injini kufikira mtundawo utakwana. Mlendo amene wangopatsidwa kiyi kwa mphindi zochepa sangasamale zimenezi, ndipo amene adzagule galimotoyo pambuyo pake sadzadziwa zimene zinachitika. Pali inshuwalansi, imene imakhala ndi malire pa zaka za woyendetsa ndiponso zaka zimene wakhala ndi laisensi. Pali anthu amene amabwera kudzangokwera, kujambula kanema ndi kuponda moto, alibe cholinga chogula. Ndipo pali magalimoto ena opangidwa ochepa, monga 911 GT3 RS, amene nthawi zambiri amafika m'sitolo ali ndi mwini wake kale, moti wogulitsa alibe ufulu wopatsa wina aliyense chiwongolero.

Zonsezi ndikuzivomereza, komabe yankho lake linapezeka kalekale. Masitolo amene amalemekeza ntchito yawo amasunga galimoto imodzi kapena ziwiri zoyesera, zolembetsedwa m'dzina la sitolo, zimene zinadutsa kale makilomita oyambirira aja ndipo zili ndi inshuwalansi yoyenera. Kufunsa laisensi, kufunsa umboni woti munthu angakwanitse kugula, ngakhale kukana kuyesetsa galimoto imene ili ndi mwini, zonsezi n'zololeka ngati zanenedwa poyera ndiponso ngati lamulolo limagwira ntchito kwa aliyense wolowa pakhomo. Chosaloleka ndi kuweruza thumba la munthu poona zovala zake, kapena kupempha ndalama zosabwezedwa pa chinthu chimene munthuyo sanachiyendetseko ngakhale mita imodzi.

Kusitolo yachiwiri anavomera mwamsanga, ndipo poyamba ndinasangalala. Mnyamata wogulitsa anajambula laisensi yanga, anatenga kiyi, nati ayamba ndi iye kuyendetsa kuti andionetse zimene galimotoyo imatha. Tisanayende mtunda uliwonse, oyilo asanatenthe n'komwe, anasankha makonzedwe a kayendedwe ka galimoto aukali koposa, anaima pamsewu wowongoka, naponda buleki ndi moto nthawi imodzi kenaka n'kusiya buleki, galimoto n'kufwamphuka mutu wanga n'kugunda kumpando. Ankaseka poyembekezera kuti nanenso ndiseka, koma ine ndinkaganizira injini ija, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti galimoto yoyesera ya sitolo imeneyi sindingaigule ngakhale atadzaitsitsa mtengo. Itafika nthawi yanga ndinapatsidwa mphindi zosakwana khumi, pa njira imene anaisankha kale, yosalala, yokhotera mbali imodzi kanayi n'kubwerera pachipata. Iye anayankhula ulendo wonse za mphamvu za injini ndi za anthu ena amene ankati akuifuna galimoto yomweyo, moti sindinamve kulira kwa matayala kapena kusintha kwa magiya. Nditapempha kuti tidutse pamsewu wa mahampu anati nthawi yatha. Ndinatsika ndikudziwa kuti galimotoyo imathamanga, chinthu chimene ndinkachidziwa ndisanachoke kunyumba.

Sitolo yachitatu ndi imene ndikufuna kuikamba mwatsatanetsatane, chifukwa ndi imene inandionetsa mmene ntchitoyi iyenera kuyendera. Ndinayamba ndi kuimba foni, ndipo mayi amene anandiyankha anandifunsa mafunso amene sanandichititse manyazi. Anafuna kudziwa galimoto imene ndimayendetsa tsopano, ngati ndinayendetsapo yokankha ndi matayala akumbuyo yamphamvu chonchi, ngati ndikufuna yoyendera tsiku ndi tsiku kapena ya kumapeto kwa sabata, ndiponso ngati ndidzagule ndi ndalama zanga kapena ngongole. Anandiuza poyera kuti amafunsa zimenezi kwa aliyense, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ananditumizira pa imelo fomu ya mgwirizano kuti ndiwerenge ndili kunyumba. M'fomuyo munalembedwa zikalata zimene ndiyenera kubweretsa, ndalama zimene ndingalipire ndekha inshuwalansi isanayambe kulipira ngati nditachita ngozi, lamulo loti chindapusa chilichonse cha liwiro ndi changa, ndi lamulo loti sindiyenera kuzimitsa makina othandiza kuti galimoto isatereke. Ndalama za ngozizo zinali zambiri ndithu, koma ndinazidziwa masiku angapo ndisanagwire chiwongolero, ndipo ndinali ndi mpata wokana.

Patsikulo galimoto inali panja itatsukidwa, mafuta ali okwanira. Inali ya injini yapakati, kumbuyo kwa mipando, ya magiya osintha okha a makilatchi awiri. Mayiyo sanafulumire kuliza injini. Anatha mphindi pafupifupi khumi ndi zisanu akundithandiza kukhala bwino, kutsitsa mpando kufikira mutu utatalikira denga, kukoka chiwongolero kufikira zigongono zitapindika pang'ono manja ali mbali ziwiri zake, ndi kuonetsetsa kuti mwendo ukutha kuponda buleki mpaka pansi bondo lisanawongokeretu. Kenaka anandiuza kuti nditsike ndi kukweranso katatu. Ndinadabwa, koma iye anati, "Bambo, zimenezi mudzazichita kangapo tsiku lililonse, pamene liwiro lake lonse mwina simudzalifika ngakhale kamodzi." Pa ulendo wachitatu ndinazindikira kuti mipando yolimba yosapindika kumsana imene inali m'galimotomo, yooneka bwino kwambiri pachithunzi, ili ndi m'mphepete motalika moti kutuluka pamalo opanikizika kungafune kugwira pansi ndi dzanja. Anandionetsanso malo a katundu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ndinaikamo chikwama chimene ndinabwera nacho dala. Malo amenewa amakhala ochepa m'magalimoto onse a mtunduwu; buti ya kutsogolo ya 911 ya mu 2019, mwachitsanzo, inali malita 132 okha, ndipo chikwama cholimba chimene chimalowa m'galimoto ina chimakana m'galimoto ina chifukwa cha kaumbidwe ka malowo.

Tinanyamuka ine ndili pachiwongolero kuyambira pachipata, galimoto ili pa makonzedwe ake ofatsa. Anandilozera pa dashibodi pamene pamaoneka kutentha kwa oyilo, nandipempha kuti ndisakweze injini kufikira nambalayo itafika pamene iye ankafuna, ndipo anafotokoza kuti madzi a injini amatentha msanga pamene oyilo amachedwa, choncho amene amangoyang'ana muvi wa madzi amapusitsika. Mphindi makumi awiri zoyambirira tinazithera m'misewu yodzadza, kuima ndi kunyamuka, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Magiya a makilatchi awiri amasintha mofulumira kuposa dzanja la munthu aliyense galimoto ikakhala pa liwiro, koma poyenda pang'onopang'ono pamzere wa magalimoto ena mwa iwo amakhala ngati akukayika, ndipo munthu ayenera kumva yekha ngati zimenezi zingamutopetse. Pagalasi lakumbuyo ndinkaona kachigawo kakang'ono chabe ka msewu, ndipo potuluka pamphambano yopendekera phewa la galimotoyo linkabisa magalimoto obwera, moti ndinayenera kuphunzira kuiimitsa mowongoka ndisanalowe mumsewu waukulu.

Kenaka mayiyo anandilondolera dala kumsewu wa mahampu ndi zigamba, chinthu chimene mnyamata wa sitolo yachiwiri anachikana. Anandionetsa batani lokwezera mphuno ya galimoto, nati tidutse hampu imodzi itakwezedwa, ina tiiyandikire isanakwezedwe kuti nditsike ndione ndekha mpata umene unatsala pakati pa mlomo wa galimoto ndi msewu. Mpatawo unali wosakwana chikhatho changa. Makina okweza mphuno amenewa m'magalimoto ambiri amagulidwa padera; pa 911 amakweza kutsogolo ndi mamilimita pafupifupi 40, ndipo a Corvette amatha kukumbukira malo okwana 1,000 pogwiritsa ntchito GPS n'kumakweza okha galimoto ikafika pamalopo. Ndisanapite kusitoloko ndinkaganiza kuti ndi chinthu chongowonjezera mtengo, koma nditaona mpata uja ndinasintha maganizo pomwepo. Pamsewu womwewo tinayesa mashoko ali ofewa ndiponso ali olimba, ndipo iye sanabise kuti marimu a mainchesi 20 amene anali pagalimotoyo, okhala ndi matayala opyapyala m'mbali, amapititsa kugunda kulikonse kwa msewu mpaka kumpando.

Titalowa mumsewu waukulu anazimitsa wailesi nakhala chete kwa mphindi zingapo, ndipo chete ameneyo ndimamuwerengera ngati luso lalikulu la wogulitsa. Pa liwiro lokhazikika ndinamva kulira kwa matayala akumbuyo, omwe ndi otambalala ndipo ali pafupi ndi makutu, komanso kung'ung'uza kwa ekizozi kumene kumakoma mphindi zisanu zoyamba koma kungalemetse mutu paulendo wautali. Anandionetsa mmene ndingatsekere mavavu a ekizozi kuti phokoso lichepe, nandifunsa ngati ndingathe kucheza ndi wokwera naye popanda kukweza mawu. Ndinayesa kumuyankha ndi mawu wamba, ndipo zinatheka.

Pomaliza tinafika pamsewu wokhotakhota wopanda magalimoto ambiri, oyilo ndi matayala zitatentha. Apa anandilola kusankha makonzedwe aukali ndi kusintha magiya ndekha ndi tizitsulo ta kuseri kwa chiwongolero. Sanandilimbikitse kupitirira malire a liwiro, ndipo kunena zoona panalibe chifukwa, popeza zimene ndinkafuna kudziwa zimamveka ngakhale pa liwiro lololedwa: mmene mphuno imalowera pokhota ukangopendeketsa manja, mmene galimoto imakhalira phee pakati pa khona chifukwa kulemera kwake kuli pakati, ndi mmene injini imayankhira phazi. Injini ya turbo imakankha mwamphamvu kuyambira pansi, pamene yopanda turbo imafuna kukwezedwa kuti itulutse zonse. Injini yopanda turbo ya Porsche 718 Cayman GTS 4.0 imazungulira mpaka ka 7,800 pa mphindi, ndipo ya 911 GT3 imafika ka 9,000. Munthu wozolowera turbo angaganize kuti injini yotere ndi yofooka ngati wangoiyendetsa m'tauni mphindi khumi, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ulendo waufupi umasocheretsera wogula. Pamalo owongoka, titaona kuti kumbuyo kulibe galimoto, anandipempha kuti ndiponde buleki mwamphamvu kamodzi. Galimotoyo inali ndi mabuleki a carbon ceramic, amene ndi opepuka, satulutsa fumbi lambiri pamarimu ndipo safooka akatentha. Iye anawonjezera yekha, ndisanafunse, kuti nthawi zina amalira poyenda pang'onopang'ono ndipo kusintha madisiki ake kumadula kwambiri, motero kwa munthu amene sadzapita kubwalo la mpikisano mabuleki achitsulo ndi okwanira. Wogulitsa amene amakuchotsera chinthu chodula pa mndandanda wa zogula ndi wosowa, ndipo mawu amenewo anandichititsa kukhulupirira zina zonse zimene ananena.

Ulendo wonse unatenga ola limodzi ndi theka, ndipo unathera pamalo oimika magalimoto a nsanjika, pamene ndinakwera chitunda chokhota, kutenga tikiti pawindo ndili pampando wotsika chotero, ndi kuimika chobwerera pakati pa mzati ndi galimoto ina. Zitseko za magalimoto a zitseko ziwiri n'zazitali ndipo zimafuna mpata waukulu kuti zitseguke, ndipo apa mipando yolimba ija inandivutanso. Titabwerera kusitolo sanandikhazike pansi kuti ndisaine. Anandipatsa pepala losonyeza zinthu zonse zowonjezera zimene zinali pagalimoto yoyeserayo, atalemba chizindikiro pa zimene zimasintha kayendedwe kake, nati ndikaganizire kunyumba.

Pepala limenelo likundifikitsa pa zofooka za sitoloyi, chifukwa nazo zilipo. Galimoto yoyesera inali itadzazidwa ndi pafupifupi chilichonse chimene kampani imagulitsa padera, moti galimoto imene ndinayendetsa inali yosiyana kwambiri ndi imene ili pa mtengo woyambira. Mashoko osinthika, ekizozi ya mavavu, marimu akuluakulu ndi mabuleki aja zonse zinali zowonjezera, ndipo panalibe galimoto ina yopanda zimenezi yoti ndiyerekezere. Mayiyo anachita bwino kundiuza, koma kuuzidwa n'kosiyana ndi kumva m'manja. Chachiwiri, ndinkafunitsitsa kuyesa ya magiya osintha ndi dzanja, ndipo analibe. Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ogula ambiri, chifukwa magiya otere akusowa. Corvette C8 ilibe n'komwe, ndipo pamene akupezekabe, kulemera kwa kilatchi ndi kutalika kwa giya lililonse zimasintha khalidwe lonse la galimoto. Kuitanitsa magiya amene sunawayese n'kugula m'thumba. Chachitatu, ndinadikira masabata atatu kuti tsiku lipezeke, popeza galimoto yoyesera inali imodzi. Ndinapemphanso kuti ndigone nayo usiku umodzi kuti ndione ngati ingalowe pachipata ndi m'galaja ya kunyumba popanda kukhula pansi, ndipo anakana, ati zimenezi amalola kwa amene anagulapo kale kwa iwo. Lamuloli ndikulimvetsa, koma likanakhala labwino akanapereka njira ina, monga kudutsa kunyumbako mkati mwa ulendo woyesa.

Mayiyo anatchulanso malo amene makampani ena anamanga kuti anthu aziyendetsa magalimoto awo mokwanira popanda kuika ena pangozi. Porsche inatsegula malo otere ku Silverstone ku England mu 2008, ku Atlanta mu 2015 ndi ku Los Angeles mu 2016 ku America, ndi ku Hockenheimring ku Germany mu 2019, ndipo kumeneko munthu amayendetsa ali ndi mlangizi pambali, pabwalo lokhotakhota ndiponso pamalo oterera othiridwa madzi pamene amaphunzira kubweza galimoto ikayamba kutaya mchira. Ogula Corvette yatsopano amapatsidwa mwayi wa maphunziro a masiku awiri pa mtengo wotsitsidwa kusukulu ya Ron Fellows ku Spring Mountain, m'dera la Pahrump ku Nevada. Amene angathe kufika kumalo otere apite, chifukwa ndi kokhako kumene mphamvu zonse za galimoto zingayesedwe mwalamulo ndi mosamala. Koma bwalo ndi losalala, lilibe mahampu, mzere wa magalimoto kapena chipata chopapatiza, choncho limayankha mafunso ena ndipo limasiya ena amene wogulitsa yekha ndi msewu wamba angayankhe.

Kwa amene akufuna galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, ulendo woyesa umafunikira kwambiri kuposa apa, ndipo sitolo yachitatuyi inachitanso bwino pamene ndinafunsa za ina ya zaka zingapo imene inali pabwalo pawo. Anavomera kuti ndidzaipeze injini ili yozizira, isanalizidwe tsikulo, chifukwa utsi ndi phokoso lachilendo zimaoneka polizidwa koyamba ndipo zimabisika injini ikatentha. Anandionetsa manambala anayi a m'mbali mwa tayala amene amasonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, monga 2319 kutanthauza sabata ya 23 ya 2019, popeza magalimoto amenewa amayenda pang'ono ndipo matayala awo amakalamba asanathe. Anavomeranso kuti makaniki wanga, wosakhala wa sitolo yawo, aiyang'ane ndi kuwerenga zimene kompyuta ya injini inasunga. Pa magalimoto ena, monga a Porsche, kompyutayo imalemba nthawi zonse zimene injini inazungulira kufika kapena kupitirira malire ake, ndipo zimenezi zimaulula ngati wina analowetsapo giya lolakwika pa liwiro lalikulu. Wogulitsa amene amakana kuti makaniki wakunja aone galimoto wapereka kale yankho limene wogula amafuna.

Poika masitolo atatuwa pamodzi, yoyamba sindingatumizeko munthu, pokhapokha ngati akudziwa kale galimoto imene akufuna ndipo walembetsa papepala kuti dipoziti yake ingabwezedwe. Yachiwiri ili ndi mtima wopereka kiyi koma ilibe mwambo wosamalira galimoto kapena nthawi ya kasitomala, ndipo amene angapiteko aumirire kusankha yekha njira ndi kupempha wogulitsa kuti akhale chete. Yachitatu ndingaivomereze kwa aliyense wofunadi kugula, bola aimbe foni nthawi ikadalipo, awerenge fomu ya inshuwalansi mpaka kumapeto, ndipo abwere ndi chikwama chake, magalasi ake a dzuwa ndi munthu amene adzakhale naye pampando winawo, chifukwa wokwera amamva kugunda kwa msewu ndi phokoso mosiyana ndi amene wagwira chiwongolero.

Patapita masiku anayi ndinabwerera kwa mayi uja ndi pepala lija nditalembapo. Ndinachotsa mipando yolimba n'kusankha yopindika kumsana, ndinachotsa mabuleki a carbon ceramic, ndinatsitsa marimu ndi inchesi imodzi, ndipo ndinaika makina okweza mphuno ndi mashoko osinthika. Pa nkhani ya magiya ndinamuuza kuti sindisaina kufikira nditayesa osintha ndi dzanja. Iye sanatsutse, anaimba foni kunthambi ina ya sitolo yawo ndili pomwepo, ndipo anapeza kuti kumeneko kuli galimoto ya magiya 6 a dzanja imene ingabweretsedwe kumapeto kwa mwezi. Tinagwirizana kuti ulendo wachiwiriwo udzadutsa pachipata cha kunyumba kwanga, ndipo analemba zimenezi pa fomu yatsopano ndisanachoke.